Sikweya ya papepala

Ana anga a Fomu 3 ndi Fomu 4 kuno ku Lungwena, ndi inu nonse a m'mphepete mwa msewuwu kuyambira ku Malindi mpaka ku Makanjira, tiyeni tikambirane funso limodzi la masamu. Ndi laling'ono, silidzaza ngakhale theka la tsamba, koma chaka ndi chaka ndimaliona likudya malikisi a ana anzeru. Limabwera chonchi: amakupatsani mzere wowongoka ndi equation yake, n'kukupatsaninso malo amodzi, tinene (4, 3), kenako amati pezani equation ya mzere wina wodutsa pamalopo umene ukudula woyamba uja pa madigiri 90. M'kalasi mumati perpendicular. Amisiri omanga nyumba amangoti zili pa sikweya.

Lamulo lake ambiri a inu mumalidziwa, mukhoza kuliimba ngakhale atakudzutsani pakati pa usiku: tembenuza gradient, sintha chizindikiro. Vuto lagona pomwepo. Lamulo loimba limathawa m'mutu woyang'anira mayeso akangolengeza kuti kwatsala mphindi khumi, ndipo silithawa lonse ayi, limathawa theka. Wina amakumbukira kutembenuza n'kuiwala mainasi, wina amaika mainasi n'kuiwala kutembenuza, ndipo onse awiri amatuluka m'chipindamo akumwetulira poganiza kuti akhoza. Chimene maso anaona ndi manja anagwira sichithawa chotero. Ndiye mawu anga kwa inu ndi awa: pa funso ili musalembe nambala ngakhale imodzi musanajambule chithunzi.

Pitani kugolosale mukapemphe katoni yakale ya sopo. Dulanipo kachidutswa ka makona atatu, kona imodzi ikhale ya sikweya. Mbali yogona ikhale masentimita 5, mbali yoimirira kumanja kwake ikhale masentimita 10. Kaikeni papepala ndipo mutsate ndi pensulo mbali yachitatu, yopendekeka ija. Umenewo ndiye mzere wanu. Mukapita kumanja 5 mwakwera 10, choncho gradient yake ndi 10 kugawa ndi 5, imene ndi 2. Gradient si chinthu chachilendo: ndi kukwera kugawa ndi kupita kumanja, basi. Tsopano panikizani ndi nsonga ya pensulo kona ya pansi kumanzere, muzungulitse katoniko kulowera kumanzere mpaka mbali imene inagona itaimirira njo. Mwazungulitsa madigiri 90, ndipo mbali zonse zitatu zazungulira mofanana, ndi yopendekeka yomwe. Tsataninso mbali yopendekekayo ndi pensulo, ndipo muyang'anitsitse. Mbali ya 5, imene inkapita kumanja, tsopano ikuloza kumwamba. Mbali ya 10, imene inkakwera, yagona ndipo ikuloza kumanzere. Mzere watsopanowu ukukwera 5 pamene wabwerera m'mbuyo 10. Gradient yake ndi 5 kugawa ndi −10, kutanthauza −1/2.

Lamulo lonse lija lili pakatoni kameneka. Kutembenuza kumene mumaimba ndi kusinthana ntchito kwa mbali ziwirizo, yogona yaimirira, yoimirira yagona. Mainasi yachokera pa kubwerera kumanzere. Ndipo mukachulukitsa 2 ndi −1/2 mupeza −1, monga zimakhalira ndi mizere iwiri iliyonse yopendekeka imene yadulana pa sikweya. Musangondikhulupirira chifukwa ndine wamkulu. Tengani kona ya buku lanu muike pamene mizere iwiri ya pensulo yakumana, muone ngati patsala mpata. Mwana amene wazungulitsa katoni kameneka ndi dzanja lake, akaiwala lamulo pa mayeso amangojambula makona atatu m'mbali mwa pepala n'kulipezanso.

Tiyeni tsono tigwire funso lenileni. Mzere ndi y = 2x + 1, malo ndi (4, 3). Jambulani mwachangu, osafuna rula. Mzerewu ukudutsa pa (0, 1) ndi pa (1, 3), ukukwera mwamphamvu. Malo a (4, 3) ali kumanja kwake, m'munsi. Musanawerengere chilichonse maso akuuzani kale kuti mzere umene mukufuna uyenera kutsika mukamapita kumanja, ndipo uyenera kutsika pang'onopang'ono. Ndiye gradient yake ikhala ya mainasi, yaying'ono. Mukawerengera n'kupeza 1/2 kapena −2, chithunzicho chikukanani nthawi yomweyo. Gradient yoyamba ndi 2, yatsopano ndi −1/2.

Chatsala ndi kuumanga mzerewo pamalo amene mwapatsidwa, chifukwa mizere ya gradient ya −1/2 ilipo yosawerengeka, yonse yoyenda limodzi osakumana, koma umodzi wokha ndi umene umaponda pa (4, 3). Tengani malo ena alionse pamzerewo muwatche (x, y). Kuchoka pa (4, 3) kufika pamenepo mwakwera y − 3 ndipo mwapita kumanja x − 4. Kugawa ziwirizi kuyenera kupereka −1/2. Choncho y − 3 = −1/2(x − 4). Chulukitsani mbali zonse ndi 2: 2y − 6 = −x + 4, ndiye x + 2y = 10. Amene mumakonda y = mx + c njira yanu ndi yabwinonso: ikani 3 = −1/2 × 4 + c, mupeza c = 5, yankho y = −1/2x + 5, umene ndi mzere womwewo. Chenjerani ndi 1 uja wa mu equation yoyamba. Ana ambiri amamunyamula n'kulemba y = −1/2x + 1. Mzere umenewo uli pa sikweya ndithu, koma pa (4, 3) sudutsapo, wadutsa kutali. Nambala ija ndi ya mzere wakale, isiyeni komweko.

Mukapeza yankho musathamangire funso lina. Liyeseni kawiri, sizitenga ngakhale theka la mphindi. Koyamba, ikani malo aja mu equation yanu: 4 kuphatikiza 2 × 3 ndi 10, zatheka. Kachiwiri, chulukitsani ma gradient awiriwo muone ngati akupereka −1. Funso linafuna zinthu ziwiri zokha, kudutsa pamalo ndi kudula pa sikweya, ndipo zonse ziwiri mwazitsimikiza nokha. Pa mafunso ambiri a mayeso mumatuluka osadziwa ngati mwakhoza. Pa ili mukhoza kudzichonga nokha musanapereke pepala, ndipo kusatero n'kutaya mwayi dala.

Pali chitsanzo china chimene chimasocheretsa ana, ndipo ndimadandaula kuti chimakonda kubwera koyambirira chifukwa n'chosavuta kujambula. Ndi mzere wa y = x. Gradient yake ndi 1, ndipo wodula pa sikweya uli ndi −1. Mwana akaona zimenezi amati, kani n'kungosintha chizindikiro. Sadziwa kuti 1 anatembenuzidwa ndithu, kungoti 1 ukamutembenuza amakhalabe 1. Yesani maganizo amenewo pa 2. Mzere wa gradient ya 2 ndi wa −2 amakumana pa madigiri pafupifupi 53. Wa 2 ndi wa 1/2 amakumana pa madigiri pafupifupi 37. Kona ya nyumba yomangidwa chotero ngakhale mbuzi ikhoza kuidabwa.

Msampha waukulu kuposa yonse ndi equation yobwera itavala zovala zina, monga 3x + 4y = 12. Wothamanga amaona 3 pafupi ndi x n'kunena kuti gradient ndi 3. Ayi. Nambala ya pa x imakhala gradient pokhapokha y atatsala yekha mbali imodzi. Sunthani kaye: 4y = −3x + 12, ndiye y = −3/4x + 3. Gradient ndi −3/4, ndipo ya perpendicular ndi 4/3. Chithunzi chikadakuuzaninso zomwezo: mzerewu ukudula pa (0, 3) ndi pa (4, 0), ukutsika, sungakhale ndi gradient ya 3. Tinene malo amene mwapatsidwa ndi (−2, 5). Apa pali dzenje lina, mainasi ziwiri zotsatizana. Lembani zonse poyera: y − 5 = 4/3(x − (−2)), kenako pamzere wotsatira y − 5 = 4/3(x + 2). Musadumphe sitepe imeneyi pofuna kusunga pepala, pepala la mayeso simukagulitsa. Chulukitsani ndi 3: 3y − 15 = 4x + 8, ndiye 4x − 3y + 23 = 0. Yesani: −8 − 15 + 23 ndi ziro. Nthawi zina sakupatsani equation konse, amangopereka malo awiri amene mzere woyamba wadutsa. Pamenepo pezani kaye gradient pochotsera ma y ndi kuchotsera ma x, koma muyambire malo omwewo pamwamba ndi pansi pomwe.

Palinso pamene lamulo loimba limakusiyani pamchenga. Mzere ndi y = 5, malo ndi (2, 7). Gradient ndi ziro, ndipo ziro satembenuzika, kakyuleta ingokulemberani kuti mwalakwitsa. Ndaonapo ana akusiya funsoli lopanda kanthu, pamene ndi losavuta kuposa onse. Jambulani. Mzere wa y = 5 wagona. Woudula pa sikweya uyenera kuimirira, ndipo mzere woimirira wodutsa pa (2, 7) ndi x = 2. Kwatha. Mukapatsidwa woimirira, monga x = 3, ndi malo omwewo, yankho ndi wogona, y = 7. Apa palibe kuchulukitsa kopereka −1, chifukwa mzere woimirira ulibe gradient yoti muilembe.

Chenjezo limodzi pa kujambula komweko. Ngati pa girafu yanu sentimita imodzi ikuimira 1 pa x koma ikuimira 5 pa y, mizere imene ili pa sikweya idzaoneka yopotoka, ndipo mudzafufuta yankho lokhoza. Pa funso ili masikelo awiriwo azifanana.

Mwina mukuti, zonsezi n'za mayeso, tikadzalemba tidzaziiwala. Tiyerekeze chonchi. Paipi yaikulu ya madzi yochokera pathanki ikuyenda m'mbali mwa msewu, ndipo bambo anu akufuna mpopi pakhomo. Tiyeze kuchokera pamtengo wa mango umene uli m'mbali mwa msewuwo, x akhale mamita a kum'mawa, y mamita a kumpoto. Msewu ukulowera kumpoto mopendekera kumadzulo: mamita 4 kumpoto pa mamita 3 alionse a kumadzulo. Gradient yake ndi −4/3, equation yake 4x + 3y = 0. Nyumba yanu ili pa (44, 8). Akulu ena anena kuti kumbani ngalande kulunjika pamtengo wa mango, poti ndi pamene pakuoneka. Ena anena kuti lunjikani kumadzulo, kunyanja, mukumana nayo paipiyo. Inu tengani pensulo. Njira yaifupi kuposa zonse yochoka pamalo kukafika pamzere ndi imene imaufika pa sikweya. Gradient yake ndi 3/4. Ndiye y − 8 = 3/4(x − 44), kutanthauza 3x − 4y = 100.

Kuti mudziwe pamene mukaboole paipi yaikulu, gwirani ma equation awiriwo limodzi monga munaphunzirira pa simultaneous equations, mupeza x = 12, y = −16. Kuchoka panyumba kufika pamenepo ndi mamita 32 kumadzulo ndi 24 kum'mwera, ndipo Pythagoras akupatsani mamita 40 ndendende. Ngalande yopita pamtengo wa mango ikadakhala mamita pafupifupi 45. Yolunjika kumadzulo ikadakhala 50. Mapaipi a pulasitiki amagulitsidwa m'zidutswa za mamita 6, choncho njira yanu ifuna mapaipi 7, ya pamtengo 8, ya kumadzulo 9. Kafunseni mtengo wa paipi imodzi kuhadiweya ku Mangochi, muonjezepo za wokumba ngalande ndi za kabaza wonyamula, muone ngati theka la tsamba lija silinagule ndiwo za sabata. N'chimodzimodzi ndi waya wa magetsi wochoka pamzere wa mapolo kupita panyumba, kapena kanjira kochoka pasukulu kukalowa mumsewu.

Amene muli ndi maso mwaona kale kanthu: 4x + 3y yasanduka 3x − 4y. Manambala asinthana malo, chizindikiro chimodzi chasintha. Zimatero nthawi zonse, ndipo nambala ya kumanja mumaipeza poika malo aja: 3 × 44 kuchotsa 4 × 8 ndi 100. Ndi njira yachidule yokoma, imagwira ngakhale pa mizere yogona ndi yoimirira. Koma pa mayeso a MSCE muigwiritse ntchito podziyesa nokha m'mbali. Mapepala a MANEB amanena poyera kuti muonetse njira yonse, ndipo wochonga akaona gradient yoyamba, gradient yachiwiri ndi kuika kwa malo, ali ndi pokupatsirani malikisi ngakhale mutaphonya nambala kumapeto. Yankho lokhalokha likalakwika mwataya zonse.

Pitani mukaime pamene mmisiri akuyeza maziko a nyumba. Kwathu kuno nyumba za malata zikumangidwa zambiri, zina ndi ndalama za ku Joni, zina za usipa, choncho simuyenda mtunda wautali. Muona akukhoma zikhomo, akukoka chingwe cha khoma lakutsogolo. Umenewo ndi mzere umene wapatsidwa. Pachingwepo asankha pamene pakhale kona, amenewo ndi malo amene wapatsidwa. Tsopano akufuna chingwe chachiwiri chodutsa pamenepo pa sikweya. Sikweya yachitsulo ndi yaifupi, singaongole khoma la mamita 10, ndiye atenga tepi. Ayeza masentimita 60 pa chingwe choyamba n'kuikapo chizindikiro, 80 pa chachiwiri, kenako wothandizira azisuntha chingwe chachiwiricho pang'onopang'ono, mmisiri ali chogwada ndi tepi, mpaka pakati pa zizindikiro ziwirizo pakwane 100. Mmisiri wosamala amayeza mamita 3, 4 ndi 5, chifukwa muyeso ukakula kuphonya kumachepa. Pomaliza ayeza kuchoka kona ina kufika yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri, kuona ngati zikufanana. Kumeneko ndiye kudzichonga kwake. Amavutikiranji chotero? Kona ikaphonya ndi digiri imodzi yokha, pofika kumapeto kwa khoma la mamita 10 lapatuka ndi masentimita 17 ndi kanthu. Pamaziko sizioneka. Zimadzaonekera padenga, malata akamakana kugona molingana ndi khoma, mwini nyumba atalipira kale. Mmisiri ameneyo mwina sanafike Fomu 3, koma funso limene mukulimbana nalo papepala iye amaliyankha ndi chingwe, ndipo 3, 4 ndi 5 wakeyo ndi yemwe uja wa mu 3/4 ndi −4/3. Mufunseni mwaulemu, akuonetsani.

Enanu mumaliona funsoli kasanu patsiku osalizindikira. Mumzikiti anthu amayang'ana ku Qibla, ndipo mizere imene amaima pa Swala imadula njira ya ku Qiblayo pa sikweya, phewa ndi phewa. Kuchokera kuno ku Mangochi, Makka ali kumpoto mopendekera pang'ono kum'mawa, madigiri pafupifupi 7. Tikaziika pa girafu yathu ija, ndi pafupifupi mamita 8 kumpoto pa mita imodzi ya kum'mawa, gradient ya 8. Ndiye mzere wa anthu uli ndi gradient ya −1/8: ukamapita kum'mawa mamita 8, ukutsikira kum'mwera mita imodzi. Malo amene munthu woyamba waima kumbuyo kwa Imamu ndiwo amasankha mzere umodzi pakati pa yonse ya gradient imeneyo. N'chifukwa chake mzikiti womangidwa mosamala nthawi zina umaoneka ngati wapotokera msewu, pamene nyumba zoyandikana nazo zatsata msewuwo. Sunapotoke, ukutsata mzere wina.

Funsoli ndi lakale kuposa sukulu zathu zonse. Euclid, amene ankaphunzitsa ku Alexandria zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, analiika m'buku loyamba la Elements, ndipo analigawa pawiri: pamene malo ali pamzere pomwepo, monga kona ya mmisiri, ndi pamene ali kunja kwa mzere, monga nyumba ndi paipi. Iye ankaliyankha ndi rula ndi kampasi, popanda x ndi y. Cha m'ma 820 ku Baghdad, al-Khwarizmi analemba buku la algebra lothandiza anthu pogawa chuma cha masiye, pa malonda, poyeza minda ndi pokumba ngalande. Kusuntha manambala kuchoka mbali ina ya equation kupita mbali ina, kumene tachita pa 3x + 4y = 12, iye ndiye anakulongosola mwadongosolo. Mu 1637 René Descartes wa ku France anasindikiza njira yolumikiza ziwirizi, kuti chojambula chizilembedwa ngati equation. Taonani kutalika kwa nthawi imene chithunzi chinakhala chokha equation isanabwere. Inu mukataya chithunzi n'kugwira equation yokha, mwayambira kumchira.

Koma ndisakunamizeni kuti masamu amayankha zonse. Ambiri a inu mwakwerapo bwato, ena mumapita ku chilimira usiku wa Loweruka. Gombe lathu lino likuyenda chakumpoto, ndipo mwera ukamaomba m'miyezi ya June ndi July mafunde amachokera kum'mwera. Mwera ukakupezani pakati, pepala lidzakuuzani kuti njira yaifupi yofikira kumtunda ndi yolunjika gombe pa sikweya. Pepalalo silinama. Koma njira imeneyo ndi yomwe ikupereka nthiti za bwato kwa mafunde, ndipo msodzi wamkulu aliyense adzakuuzani kuti mafunde sulimbana nawo cham'mbali, umawadula mopendekera ngakhale ulendo utalike. Pamenepo mverani iye, osati ine. Ngakhale pa paipi paja, ngati pakati pali manda, thanthwe kapena munda wa munthu wina, mamita 40 aja sagwira ntchito. Masamu amayankha funso limene mwawafunsa. Munawafunsa za kufupika, simunawafunse za mafunde.

Ndikudziwa zimene zimakambidwa pagombe ndi pamsika, zoti sukulu sidyetsa, mnzanu amene anasiyira Sitandade 7 wabwera ku Joni ndi njinga yamoto. Sindikutsutsa njingayo, ndaiona. Koma ambiri opita kumeneko amakagwira ntchito pa zomangamanga, ndipo pamalo otero pali wonyamula matope, pali woika njerwa, pali wowerenga pulani n'kukoka chingwe, ndipo malipiro awo safanana. Amene mukulota za uinjiniya kapena zoyeza malo ku MUBAS ku Blantyre, dziwani kuti popanda kirediti ya masamu khomo silitseguka, ndipo mukalowa mudzakumana ndi funso lomweli litavala zina: tangent ya circle imene imadula radius pa sikweya, mzere wa normal pa calculus, mzere wodula pakati pa malo awiri umene umakuuzani pokumba mjigo kuti midzi iwiri iyende mtunda wofanana. Inu atsikana, mawu oti masamu ndi a anyamata ndawamva kuyambira kale, ndipo sindinaonepo katoni ya sopo ikukana kuzungulira m'manja mwa mtsikana. Chimene chimakubwezani m'mbuyo ndi nthawi: mnyamata akamawerenga inu muli kumjigo kapena pathandala kuyanika usipa. Kambiranani ndi amayi kuti ola limodzi dzuwa lisanalowe likhale lanu, ndipo mulisunge mwakhama.

Pa kawerengedwe, musawerenge masamu ngati nkhani. Kuyang'ana chitsanzo chimene mphunzitsi wayankha n'kumagwedeza mutu si kuphunzira, mutu umagwedezeka ngakhale uli wopanda kanthu. Tsekani buku, yankhani nokha, tsegulani muone pamene mwapatukira. Khalani awiri kapena atatu muzipangirana mafunso, chifukwa wopanga funso amakakamizika kumvetsa kuposa woyankha. Wina apereke mzere wobisika ngati 2x − 5y = 7, wina apereke malo a mainasi, wina aponyepo mzere wogona kuti aone amene agwe. Pepala likasowa, mchenga ulipo wambiri, ndipo kamtengo kamalemba bwino pamene mafunde angochoka. Pamene simukumvetsa funsani m'kalasi momwemo, anzanu akaseka asekeretu, safunsa anadya phula. Ndipo musadikire Fomu 4 teremu yachitatu. Funso ili laima pa ma fraction, pa manambala a mainasi ndi pa kusuntha equation, zinthu za Fomu 1 ndi 2. Ngati −3/4 akukuvutani kutembenuza, bwererani kumeneko sabata ino popanda manyazi.

Ntchito yoti muyambire nayi. Bwerekani tepi kwa mmisiri, mutenge chingwe ndi zikhomo zitatu, mupite pabwalo la mpira la pasukulu panu. Malamulo a mpira amati malo omenyera penate akhale mamita 11 kuchokera pakati pa golo, molunjika m'bwalo pa sikweya ndi mzere wa golo. Kokani chingwe kuchoka pa mtengo wina wa golo kufika pa unzake, pezani pakati, imikani sikweya ndi 3, 4 ndi 5, yezani mamita 11, mukhome chikhomo. Kenako yezani kuchoka pachikhomocho kufika pa mtengo uliwonse wa golo, miyeso iwiriyo iyenera kufanana. Mukatero yang'anani pamene pali dazi lija limene anyamata akhala akumenyerapo penate zaka zonsezi, muyeze kuti lataya masentimita angati ndipo lapendekera mbali iti. Zimene mupezezo mukawauze aphunzitsi a zamasewera, koma musankhe tsiku limene timu yawo yapambana.